Musafulumire kuchotsa kamwana ka mphaka kwa make, ndipo ngati katengedwa kale, nayi njira yokalerera

Kuno ku Mangochi mphaka sitimuwetera kukongola kokha. Wa thandala la usipa ku Msaka, wa golosale pa Boma, mlimi wa ku Namwera amene wasanja matumba a chimanga kuchipinda, onsewa mdani wawo ndi mmodzi, khoswe. N'chifukwa chake mphaka akangoswa pakhomo, mbiri imafika kwa aneba dzuwa lisanalowe, tiana n'kugawidwa pakamwa tisanatsegule n'komwe maso. "Amayi, kaja ka mawangamawanga ndi kanga, musapatse wina." Pakangotha masabata 3 kapena 4, mwana watumidwa kale ndi katoni kudzatenga.

Anthu amachita izi ndi mtima wabwino. Ena amati kakang'ono ndiko kamazolowera pakhomo, kachikulire kamathawa kubwerera kwawo. Ena amangoopa kuti akachedwa wina awatsogolera. Mwini mphaka nayenso amafuna tichoke msanga chifukwa ndiwo zavuta. Koma kamwana ka masabata 4 kamakhala kakuyamwabe, ndipo tambiri totengedwa pa msinkhu umenewu timalira usiku wonse, kutsegula m'mimba ndi mkaka wa ng'ombe, kenako n'kufa sabata isanathe. Zimandipweteka chifukwa imfa zimenezi n'zopeweka.

Kamwana kakhale ndi make masabata osachepera 8. Mukatha kudikira mpaka 12, ndiye mwachita bwino koposa.

Zimene make amachita zomwe inu simungathe

Kamwana kamabadwa kosaona, kosamva, kolemera magalamu pafupifupi 100. Mkaka woyamba wa make uli ndi chitetezo cha matenda, ndipo matumbo a kamwana amatha kulandira chitetezocho tsiku loyamba lokha. Thupi lake silidzitenthetsa lokha mpaka masabata 3 kapena 4, n'chifukwa chake tiana timagona mounjikana pamimba pa make. Ngakhale kukodza ndi kuchita chimbudzi sikatha kokha, make ndiye amakanyambita kumunsi kuti zituluke.

Kuyamwa kukayamba kuchepa, sukulu ndiye imayamba. Kuyambira sabata ya 4 kapena ya 5 make amabweretsa khoswe kapena buluzi wakufa n'kudya tiana tikuona. Pambuyo pake amabweretsa wamoyo, wovulala pang'ono, n'kumusiya pakati pawo. Akathawa amamugwiranso n'kumubweza. Inu amene mukufuna mphaka wolondera nkhokwe, dziwani kuti mukatenga kamwana pa masabata 4 mwakachotsa tsiku lomwe maphunziro akuyamba. Pa nthawi yomweyi tiana timagwetsana, kulumana makutu, kukalana. Kena kakaluma kwambiri, kanzake kamalira n'kusiya masewera, make nayenso amakambwandira ndi dzanja. Umu ndi mmene mphaka amaphunzirira kubweza mano ndi zikhadabo. Wokula yekha ndi amene amadzaluma ana anu mwamphamvu akuganiza kuti akusewera.

Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Helsinki ku Finland anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amphaka oposa 5,700. Anapeza kuti amene anachotsedwa kwa make asanakwanitse masabata 8 amakhala aukali kwambiri kwa anthu, pomwe amene anakhala mpaka masabata 14 kapena kuposerapo khalidwe lawo limakhala lofatsa. Za kuzolowera pakhomo musade nazo nkhawa. Chimene chimazoloweretsa mphaka kwa anthu ndi kugwiridwa mwachikondi pakati pa sabata ya 2 ndi ya 7, ndipo izi zimatheka kakadali kwa make.

Choncho mnzanu akabwera kudzapempha, muyankheni motere: "Ndi kanu ndithu achemwali, palibe angakatenge. Muzibwera madzulo kudzakanyamula kuti kakudziweni, koma kunyumba kwanu kapita miyezi 3 ikakwana." Ngati mukudandaula za chakudya, amene wapempha kamwana azibweretsako usipa wodyetsa make. Mphaka woyamwitsa amadya kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, ndipo madzi akumwa asamuthere.

Yambani ndi kudziwa msinkhu wake

Kaya mwakatola kuseri kwa bafa, kaya mwapatsidwa, zonse zomwe mudzachite zidalira msinkhu. Kakakhala ndi mchombo wouma pamimba, kali ndi masiku osapitirira 5. Maso otseka ndi makutu opindika, ndiye kuti sikanakwanitse sabata kapena kangoipitirira kumene, chifukwa maso amayamba kutseguka pakati pa masiku 7 ndi 10. Musawatsegule ndi zala, amatseguka okha. Kakamayenda modzandira, makutu atayamba kuima, timano takutsogolo tikuonekera, kali ndi masabata 3. Mano osongoka aja am'mbali akatuluka, kafika masabata 4. Kothamanga, kodumphira chilichonse choyenda, ka mano am'kati, kapitirira masabata 5 kapena 6.

Mukatipeza tokha, musathamangire kutinyamula

Mphaka woyamwitsa amachoka kukasaka, nthawi zina maola angapo. Amasamutsanso ana ake mmodzimmodzi, ndiye mutha kupeza tiwiri totsala pamene iye ali pa njira ndi kachitatu kukamwa. Tiana togona phee, toyera, tamimba zokhuta, tili ndi make. Tamasiye timakhala takuda, tozizira, tolira mosalekeza kapena tofooka osatha n'kulira komwe.

Wazani ufa kapena phulusa lozizira kuzungulira malowo, muchoke, muuzenso ana kuti asayandikire. Make sangabwere inu mutaima pomwepo. Pakatha maola 4 mpaka 6 bwererani muone ngati pali mapazi. Ngati alipo, musiyireni madzi ndi chakudya chapatali pang'ono ndi anawo, osati pomwepo, kuopa kuitana agalu ndi nyerere.

Kudikira kumeneku kuli ndi malire. Ngati tili padzuwa la mu Okutobala, ngati mvula ikutinyowetsa, ngati linthumbu layandikira, agalu akununkhiza, akhwangwala akuzungulira kapena mwaona ng'azi pafupi monga zimakhalira m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe, tichotseni nthawi yomweyo. Tiikeni m'katoni pa mthunzi wapafupi pomwe make angamve kulira kwawo. Zoti mukagwira kamwana make amakakana chifukwa cha fungo la munthu, si mmene amphaka ambiri amachitira. Chimene amachita akasokonezedwa kwambiri ndi kusamutsa ana.

Ngati make alipo, kabwezeni

Iyi ndi njira yoposa zonse, ndipo palibe manyazi. Ngati mwapatsidwa kamwana dzulo kapena dzana ndipo mwaona kuti n'kakang'ono, kanyamuleni mubwerere nako. Kapukuteni ndi nsalu yomwe tinzake timagonera, mukaike pakati pawo, mukhale chapatali muone. Make akakanunkhiza n'kuyamba kukanyambita, nkhani yatha. Ngati make anafa kapena anasowa, funsani m'mudzi ngati pali mphaka wina woyamwitsa wa ana a msinkhu wofanana. Amphaka ambiri amalandira mwana wa mnzawo. Muyang'anire maola oyamba, akamakalira mwaukali kapena kukaluma, kachotseni.

Zikakanika zonsezi, make ndinu tsopano.

Kutentha kaye, mkaka pambuyo

Apa ndi pomwe ambiri timataya tiana. Munthu akaona kamwana kakulira amathamangira mkaka, chonsecho kali kozizira. Kamwana kozizira mimba yake imaima, sigaya, ndipo mkaka womwe mwakamwetsa ungakaphe. Gwirani tizikhatho ta kumapazi ndi makutu, kapena lowetsani nsonga ya chala m'kamwa mwake. Mukamva kuzizira, musakapatse mkaka.

Kakulungeni m'kansalu, mukaike pachifuwa panu m'kati mwa malaya, muzikasisita pang'onopang'ono. Katenthe mosafulumira, ola lathunthu ngakhale kupitirira. Musakaike pafupi ndi moto, musakamize m'madzi otentha. Kakakhala kofooka kwambiri, sungunulani shuga pang'ono m'madzi ofunda, kapena tengani kadontho ka uchi, mupake ndi chala pa nkhama zake. Zimakapatsa mphamvu yodikira mkaka.

Kenako konzani chisa. Katoni yaing'ono yakwana, pansi muyale chitenje chakale chofewa. Thirani madzi otentha m'botolo, mutseke zolimba, mulikulunge ndi nsalu mpaka lizingomveka kufunda mukaligwira, muliike mbali imodzi ya katoni. Mbali inayo ikhale yopanda botolo kuti kakatenthedwa kathe kukwawira kozizira. Sabata yoyamba m'chisamo muzifunda pafupifupi madigiri 30, kenako muzichepetsa pamene kakukula.

Wina anena kuti Mangochi n'kotentha kale, botolo n'lachiyani. Usiku wa mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba kuchokera kunyanja, simenti imazizira moti kamwana ka magalamu 100 sikangafike m'mawa kali kokha. Ndiye musaike katoni pa simenti penipeni, yalani thumba kapena kathabwa pansi, ndipo madzi a m'botolo muwasinthe pakati pa usiku. Mbaula yoyaka m'chipinda chotseka ayi, utsi wa makala umapha ngakhale anthu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala vuto limatembenuka. Masana m'nyumba ya malata mumatentha koopsa, choncho chotsani botolo, katoni ikhale pomwe pali kamphepo, ndipo mukaona kamwana kayasamula kukamwa kakupuma mwawefuwefu, kapititseni pozizira msanga.

Mkaka wake

Mkaka wa mphaka ndi wamphamvu kuposa wa ng'ombe, uli ndi zomanga thupi zochuluka. Wa ng'ombe, kaya wa m'paketi kaya waufa, sukwanira, ndipo umatsegula m'mimba. Kamwana kotsegula m'mimba kamatha madzi m'thupi tsiku limodzi lokha. Cremora si mkaka n'komwe. Tiyi, phala la ufa, thobwa ndi mkaka wa makanda a anthu, zonsezi sizingalere kamwana ka mphaka.

Woyenera ndi mkaka waufa wopangidwira tiana ta amphaka. Funsani kwa madotolo a ziweto a ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo mabungwe osamalira nyama a BSPCA ku Blantyre ndi LSPCA ku Lilongwe angakuthandizeni malangizo. Ngati muli ndi wachibale kumeneko, akugulireni atumize pa basi. Sungunulani motsatira zolembedwa pa chitini, osawonjezera ufa poganiza kuti kakhuta bwino.

Podikira, kamwana sikangagone ndi njala. Mbuzi kuno n'zambiri. Pezani mkaka wa mbuzi kapu imodzi, mamililita 250, muuwiritse, uzizire mpaka kufunda. Ikanimo chachikasu cha dzira limodzi, choyera chija ayi, ndi supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, mutakase bwino n'kusefa. Ngati mbuzi yoyamwitsa palibe, wa ng'ombe wosakaniza chimodzimodzi ukhoza kukagwira tsiku limodzi kapena awiri, koma muziyang'anitsitsa chimbudzi chake. Izi n'zongopulumutsira, sizilowa m'malo mwa mkaka weniweni uja.

Ndi kutentha kwa kuno mkaka wa dzira umasasa msanga. Ngati muli ndi filiji, sungani wa tsiku limodzi lokha. Ngati mulibe, konzani wochepa nthawi iliyonse, wotsala mutaye kapena mupatse mphaka wamkulu nthawi yomweyo.

Kamwetsedwe

Gulani sirinji yatsopano ku famase, ya mamililita 2 kapena 5, muchotse singano. Ubwino wake ndi woti ili ndi manambala, mumadziwa kuti kamwa wochuluka bwanji. Tenthetsani mkaka poika kapu yake m'madzi ofunda, mudonthezere pamkono panu, uzimveka wofunda chabe.

Tsono tamverani bwino apa. Kamwana ka mphaka sikamwa chagada ngati khanda la munthu. Kagonekeni chafufumimba pa nsalu pamiyendo panu, mapazi onse anayi pansi, mutu wodzuka pang'ono, monga kamakhalira pa bere la make. Dzanja limodzi ligwire mutu mofatsa, linalo lilowetse nsonga ya sirinji pambali pa kamwa. Donthezani kadontho kamodzi pa lilime, mudikire kameze. Mudzaona lilime likupindika kuzungulira nsongayo, timakutu tikugwedezeka, timanja tikuponda nsalu mosinthana. Zikatero ndiye kuti kagwira. Kankhani sirinji pang'ono kwambiri, motsatira mmene kakumezera. Mukakankha mwamphamvu mkaka umalowa m'mapapo, kamwana kamadwala chibayo, ndipo kawirikawiri sikachira. Mkaka ukatulukira m'mphuno kapena kakatsamwa, lekani, kaweramitseni mutu pang'ono, mupukute mphuno, kapume kaye.

Sabata yoyamba kazimwa mamililita 2 mpaka 6 pa maola 2 aliwonse, usiku womwe. Sabata yachiwiri mamililita 6 mpaka 10 pa maola 2 kapena 3. Yachitatu 10 mpaka 14 pa maola 3 kapena 4, yachinayi 14 mpaka 18 pa maola 4 kapena 5. Kakang'ono kamwe wa kumunsi kwa muyezowo. Mimba ikhale yodzaza koma yofewa, isalimbe gwa. Kumwetsa pang'ono kawirikawiri n'kwabwino kuposa kukakhutitsa kamodzi. Ntchito ya usiku ndi yolemetsa, sindikubisirani, ndiye gawanani pabanja, wina wa 12 koloko, wina wa m'bandakucha. Amene amadzuka kale kupita ku swala ya m'mawa kapena kukachingamira asodzi kudoko angatenge nthawi imeneyo. Mukamaliza tsukani sirinji ndi madzi owiritsa.

Kukodzetsa

Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo kamwana kamafa mimba itatupa mwini akudabwa kuti kamadya bwinobwino. Nthawi iliyonse yomwetsa, tengani thonje kapena kansalu kofewa, muviike m'madzi ofunda, mufinye, muzisisita pang'onopang'ono kumunsi kwa mchira. Mkodzo umatuluka nthawi yomweyo, pitirizani mpaka usiye. Ukhale wotuwira, ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa m'thupi. Chimbudzi chimabwera kamodzi patsiku, nthawi zina kudumpha tsiku, chachikasu, chofewa koma chogwirana. Chikakhala chamadzi, chepetsani mphamvu ya mkaka powonjezera madzi owiritsa kwa maulendo awiri kapena atatu. Chikapitirira tsiku, kapena kakatha masiku 2 osachita, pitani kwa alangizi a ziweto. Mukamaliza pukutani kaume. Chitani izi mpaka masabata 3 kapena 4, pomwe kamayamba kudzithandiza kokha.

Sikelo ndiyo imanena zoona

Maso amanama, kamwana kamaoneka bwino lero mawa kafooka. Pezani sikelo yaing'ono ya magalamu, ngakhale yobwereka kwa wa golosale, mukayeze tsiku lililonse nthawi yofanana n'kulemba m'kope. Kathanzi kamawonjezera magalamu 10 mpaka 15 patsiku, ndipo sabata yoyamba ikamatha kamakhala katatsala pang'ono kuwirikiza kulemera komwe kanabadwa nako. Pa mwezi umodzi kamafika magalamu 400 kapena 450. Kakaima masiku 2 kapena kutsika, china chalakwika, ngakhale kakuoneka kosangalala.

Kukana kuyamwa maulendo awiri otsatizana, kulira kosalekeza ngakhale kakhuta ndi kufunda, nkhama zotuwa, kupuma movutikira, maso omata mafinya, zonsezi n'zofunika thandizo tsiku lomwelo. Alangizi a ziweto amapezeka ku maofesi a zaulimi, pa Boma komanso m'madera. Maso omata mutha kuwapukuta ndi thonje la madzi owiritsa ofunda muli pa njira. Musayerekeze kukapatsa Panado, ngakhale kachidutswa. Mankhwala amenewa amapha mphaka, ngakhale wamkulu.

Nthata ndi njoka za m'mimba

Mchenga ndi kutentha kwa kuno nthata zimaswana kwambiri, ndipo zimatha kuyamwa magazi a kamwana mpaka kufa. Tsegulani ubweya wa pakhosi ndi pamimba. Mukaona tizilombo tofiirira tikuthamanga kapena tinthu takuda ngati fumbi, zilipo. Zichotseni ndi chipeso cha mano othinana n'kuziponya m'madzi a sopo. Zikachuluka, kasambitseni masana kukutentha ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa pang'ono, kuyambira m'khosi kutsika, mutu osaumiza, mwachangu, kenako mukapukute mpaka kaumiretu n'kukabwezera pa botolo lake. Nsalu za m'katoni muzichapa n'kuyanika padzuwa.

Dibi wa agalu ndi ng'ombe, mankhwala othira m'chimanga, opopera udzudzu, palafini, musakhudzitse kamwana. Ena mwa mankhwalawa ali ndi poizoni wotchedwa permethrin, amene amagwetsa mphaka khunyu n'kumupha. Za njoka za m'mimba, tiana timazitenga ngakhale kudzera mu mkaka wa make. Mankhwala ake amayamba pa masabata 3 n'kubwereza pa masabata 2 aliwonse, koma muyezo umatengera kulemera, ndiye alangizi ndiwo akupimireni. Kope lanu lija lithandiza pamenepa.

Kuchoka pa sirinji kupita pa mbale

Pa masabata 4, mano osongoka atatuluka, yambani kukalawitsa chakudya. Ife a kunyanja tili ndi mwayi. Tengani usipa wauwisi kapena nsomba za kambuzi, muwiritse popanda mchere, anyezi, tomato kapena mafuta, musinje mpaka ukhale phala losalala, musakanize ndi mkaka wake uja. Chambo kapena mlamba wowiritsa ulinso bwino mukachotsa minga yonse. Pakani pang'ono pakamwa pake ndi chala, kakanyambita tsitsani chalacho pang'onopang'ono mpaka pa sosala. Masiku oyamba kadzaponda m'mbale, kudzipaka nkhope yonse, kuyetsemula. Kapukuteni basi. Musasiye sirinji lero lomwe, muzikamwetsa pambuyo pa chakudya, n'kumachepetsa mkaka sabata ndi sabata mpaka pa masabata 7 kapena 8. Madzi oyera akhale pafupi m'mbale yosaya.

Nsomba ikhale yophika. Yaiwisi ya mitundu ina, ikamadyedwa tsiku ndi tsiku, imawononga vitamini B1 m'thupi la mphaka, mpaka kuyamba kudzandira ndi kukomoka. Yamchere yoyanika nayo ayi. Musadalire nsomba yokha, muzisinthako ndi nyama ya nkhuku yophika, dzira lowiritsa, ndi kachiwindi pang'ono kamodzi pa sabata. Anyezi ndi adyo amawononga magazi a mphaka, choncho msuzi wa ndiwo zanu si wake. Ndipo mphaka ndi nyama yodya nyama. Nsima yoviika mu msuzi idzaza mimba koma sikuza kamwana. Kadye kanayi patsiku.

Chimbudzi n'chosavuta kuphunzitsa. Ikani mchenga wouma m'beseni losaya, kakangodya mukaike mmenemo n'kukandako mchenga ndi chala. Masiku ochepa kazolowera. Mchengawo muzisintha tsiku lililonse, koma amayi oyembekezera ntchito imeneyi aisiyire ena, chifukwa chimbudzi cha mphaka chimatha kukhala ndi tizilombo toopsa kwa mwana wosabadwa. Aliyense wogwira kamwana asambe m'manja, makamaka ngati kali ndi timabala tozungulira topanda ubweya, chifukwa zipere zimapatsirana.

Khalidwe

Ngati mwatola tiwiri kapena titatu, musatilekanitse. Zomwe make akanaphunzitsa, tina timaphunzitsana tokha. Kakakhala kamodzi, muzisewera nako ndi nthenga yomangirira ku chingwe kapena chitsononkho chogubuduza, osati zala zanu. Kakaluma dzanja, musakamenye. Imitsani dzanjalo, muchoke, masewera athe. Ana a pakhomo auzeni zomwezo, ndipo azikagwira atakhala pansi.

Kamwana kochotsedwa msanga kamakonda kuyamwa bulangete, khutu la munthu kapena malaya. Si matsenga, ndi bere lomwe kanalisiya nthawi isanakwane. Kapatseni nsalu yakeyake yosathothoka ulusi. Koma tikamayamwana tokhatokha kumaliseche, tilekanitseni ndi kakatoni pakati kwa masiku angapo, chifukwa timatupitsana mpaka mkodzo kutsekeka.

Tsiku lopereka likafika

Pa masabata 8 kazikhala kakudya kokha, kakugwiritsa mchenga, kolemera pafupifupi magalamu 800 kapena kilogalamu. Katemera wa matenda a amphaka amayamba pa masabata 8 kapena 9 komwe akupezeka, ndipo wa chiwewe ndi pa miyezi 3. Wa chiweweyu musamuphonye. Timamuganizira galu yekha, koma mphaka nayenso amatenga n'kupatsira anthu. Aliyense wolumidwa kapena kukalidwa ndi mphaka wosadziwika, ngakhale kamwana kotola, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati tiana tili ndi make, musatichotse tonse tsiku limodzi. Perekani kamodzi, padutse masiku angapo, kenako kena, kuti mkaka uphwe pang'onopang'ono mabere asatupe. Wotenga mumupatse kachidutswa ka chitenje chomwe tinkagonera, mumuuzenso chakudya chomwe kazolowera. Akafika kwawo akatsekere m'chipinda chimodzi ndi mchenga, madzi ndi chakudya, kasatuluke panja masabata 2 oyamba. Kuthawa komwe anthu amaopa kuja kumachitika chifukwa chokatayirira panja tsiku loyamba. Amene angathe kutenga tiwiri, mpatseni tiwiri.

Make musamuiwale. Mphaka amatenga bere lina akuyamwitsabe, ndipo bere lake ndi la masiku 63 mpaka 65 okha, moti pachaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu. Kamwana kakakazi nako kangathe kutenga bere pa miyezi 4 kapena 5. Apa ndi pomwe pamachokera tiana totayidwa m'matumba kudzala ndi m'mabango. Mabere akaphwa, patatha masabata 2 tiana titasiya kuyamwa, funsani alangizi a ziweto komwe mungamuchititse opaleshoni yotseka kubereka, ndipo wamphongo afulidwe. Mphaka wotsekedwa amagwirabe makoswe monga kale. Podikira tsiku la opaleshoni, usiku azigona m'nyumba.